Mawu analeka kumveka, koma buku silikulowabe

Mayi wina wa ku Ntcheu wandilembera kalata yaitali. Ndaifupikitsa motere:

"Mwana wanga wachisamba, wa zaka 19, anadwala ali Fomu 3. Ankamva mawu a anthu omwe ife sitinkawaona, usiku osagona. Kuchipatala anati ndi schizophrenia. Panopa akumwa mankhwala, mawu aja analeka, koma akatsegula buku amangoliyang'ana, tsamba limodzi mpaka dzuwa kupendeka. Mng'ono wake wa Sitandade 5 sakhazikika, aphunzitsi atopa naye, ndipo adokotala anatchula ADHD. Mwana wa alongo anga ali ndi autism. Chondidabwitsa n'chakuti onse atatu ukawatuma zinthu zitatu amabwera ndi chimodzi. Kodi ndi matenda amodzi ongosiyana mayina? Wamng'onoyu adzadwalanso ngati mkulu wake? Nanga wamkuluyu abwerere kusukulu, kapena tingomupezera ntchito yamanja?"

Mayi, pepani ndi mtolo mwasenzawu. Ine si dokotala, gawo langa ndi sukulu ndi ntchito, choncho za mankhwala muzikambirana ndi akuchipatala. Koma zimene mwaona powatuma anawa n'zoona, ndipo akatswiri zinawatengera zaka zambiri kuti aone zimene inu mwaona muli pakhonde panu.

Si matenda amodzi ayi. Schizophrenia kawirikawiri imayamba munthu atasinkhuka, chakumapeto kwa zaka za kusekondale kapena atapitirira zaka 20, ndipo anyamata imawayamba msanga kusiyana ndi atsikana. Bungwe la WHO limati imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 300. ADHD (kusakhazikika ndi kulephera kuika chidwi pamodzi) ndi autism (kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu) zimaonekera mwana akadali wamng'ono: ADHD ana pafupifupi 5 pa 100, autism pafupifupi mmodzi pa 100. ADHD si mbululu yoti ikakula isanduke chule wotchedwa schizophrenia.

Komabe malire ake anasokoneza ngakhale madokotala. Dzina lakuti autism anayamba kuligwiritsa ntchito ndi Eugen Bleuler wa ku Switzerland, yemwenso anapeka dzina lakuti schizophrenia, ndipo ankanena za odwala ake akuluakulu omwe ankadzitsekera m'maganizo mwawo. Mu 1943 Leo Kanner wa ku Baltimore anabwereka dzinalo pofotokoza ana 11 omwe anawaona, koma mpaka 1980 ana ambiri otere ankalembedwabe kuti ali ndi schizophrenia ya ana. Buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM silinkalola kuti mwana mmodzi alembedwe ADHD ndi autism pamodzi kufikira 2013. Chaka chomwecho magazini ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa odwala oposa 33,000 yemwe anapeza kuti matenda atatuwa, pamodzi ndi bipolar (kusinthasintha pakati pa kusangalala kopyola muyezo ndi kukhumudwa) ndi matenda a kukhumudwa kwambiri, amagawana mbali zina za tinthu ta m'thupi timene timatengera kwa makolo (genes). Ndiye kupezeka kwa ana atatu otere m'banja limodzi sikufuna kuti tifunefune amene anatilodza. Za kumtundu zilipo, ngakhale kuti sizinena zonse.

Tsopano kumene anawa amafanana. Ndi malo atatu, ndipo onse ndi amene sukulu imadalira kwambiri.

Oyamba ndi aja mwawaona kale. M'mutu muli kamalo kosungirako zinthu kwa kanthawi pamene ukuzigwiritsa ntchito, komwe Alan Baddeley ndi Graham Hitch anakafotokoza mu 1974 n'kukatchula working memory. Ganizani za munthu wogula tomato pamsika wopanda jumbo. Manja amanyamula anayi, mwina asanu. Ukawonjezera, wina amagwa. Tonsefe manja amenewa ndi aang'ono, koma mwa ana atatuwa ndi ochepa kuposa apo. "Ukagule mchere, machesi ndi sopo, ubwere ndi chenji, podutsa uwauze amayi a uje kuti ndibwera madzulo." Pamenepo mwamusenzetsa zisanu. Akafika pa okala watsala ndi sopo. M'kalasi n'chimodzimodzi. Pochulukitsa 47 ndi 36 ayenera kulemba 2, kusunga 4 m'mutu, kuchulukitsa 6 ndi 4, kenako kukumbukira 4 uja. Njira amaidziwa, koma 4 wagwa panjira. Powerenga, akafika kumapeto kwa ndime chiyambi chathawa, ndiye amabwerera, n'kubwereranso. Tsamba limodzi mpaka dzuwa kupendeka lija ndi limenelo.

Achiwiri ndi liwiro. Mphunzitsi walemba pa bolodi, anzake amaliza kukopera, iye ali mzere wachitatu, dasitala yadutsa. Yankho limabwera, koma limabwera funso litapita kale kwa wina.

Achitatu ndi kukonza ntchito mwandondomeko: kuyamba, kudziwa chotsatira, kudziletsa, kusiya china n'kutenga china. Nsima ili ndi dongosolo lake. Umatereka madzi, kuthira ufa wa phala, kudikira lipse, kenako kuvundula ndi kuomola. Amene waphika kambirimbiri saganizanso, manja amadziwa okha. Koma kulemba chimangirizo, kapena kukonzekera mayeso a maphunziro asanu ndi atatu, n'kuphika chakudya chimene sunachionepo popanda wokuuza choyamba. Apa mpamene mawu akuti ulesi amatulukira, chifukwa kwa woonera, mwana wosadziwa poyambira ndi mwana wosafuna amaoneka chimodzimodzi: onse angokhala.

Kusiyana kulipo ndithu. Wa ADHD amatha kukhala maola awiri akukonza galimoto ya mawaya osatembenuka, koma mphindi zisanu za Chingerezi zimamuwotcha pampando. Chidwi chake chimayaka ndi kuzima. Wa autism nthawi zambiri amakhala ndi mbali zina zamphamvu kwambiri ndi zina zofooka, ndipo chimamuvuta kwambiri ndi kusintha kwadzidzidzi komanso kuwerenga nkhope ndi zolinga za anthu. Vuto la kuwerenga anthuli limapezekanso mu schizophrenia. Koma wamkuluyu ali ndi chinthu chimene awiri enawo alibe: amakumbukira mmene analili. Amadziwa kuti tsamba lomweli kale ankalimaliza msanga. Ndinakhalapo ndi mnyamata wotere mu ofesi, atagwira buku la Biology lomwe anali atalilembalemba ndi pensulo asanadwale. Anandionetsa zolemba zake zomwe n'kunena kuti, "Sir, analemba izi ndine, koma sindikumupeza." Chisoni chimenecho musachitenge mopepuka. Mukadzamva akunena zoti kuli bwino kufa, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Makolo ambiri sauzidwa kuti mankhwala a schizophrenia amatontholetsa mawu ndi mantha, koma kukumbukira ndi liwiro la kuganiza sawongola kwenikweni. Nthawi zambiri vutoli silibwera ndi mawu aja, limakhala linayamba kale. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akhala akutsatira ana oposa 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973, ndipo anapeza kuti amene anadzadwala schizophrenia atakula ankatsalira kale m'mbuyo pa liwiro, chidwi ndi kusunga zinthu m'mutu ali ndi zaka 7 mpaka 13. Mu 1996 Michael Green wa ku Los Angeles anaonetsa kuti chimene chimalosera bwino ngati wodwala adzatha kugwira ntchito ndi kudziyimira payekha ndi luso la kuganizali, kuposa kuchuluka kwa mawu amene amamva. Ndiye pamene apabanja akunena kuti wachira, bwanji sakuwerenga, akuyeza ndi muyezo wolakwika.

Mankhwala enanso, monga chlorpromazine ndi haloperidol, amatha kubweretsa tulo, kuuma thupi ndi kunjenjemera manja. Ngati m'mawa amakhala ngati woledzera kapena cholembera chikumuvuta kugwira, kawauzeni adokotala ndendende zimene mukuona ndi nthawi yake. Nthawi zina amasintha mlingo, nthawi yomwera, kapena mtundu wa mankhwala. Chimene ndikukupemphani mogwada n'chakuti musamusiyitse mankhwala kuti "mutu utseguke" pa mayeso. Matenda akabwerera, chaka chonse chimapita.

Abwerere kusukulu? Ngati iye akufuna, inde. Mumufunse iyeyo kaye, chifukwa kalata yanu yandiuza zimene inu mukuganiza koma sinandiuze zake. Akafuna, asabwerere kukanyamula katundu yense wa kale. Satifiketi ya MSCE munthu amaipeza akakhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, kotero palibe chifukwa chomulembetsera asanu ndi anayi. Kuchepetsa kuli ndi ngozi yake, poti salola kugwa paliponse, choncho asanu ndi awiri ndiwo ndimawalangiza ambiri. Sukulu ya open, yophunzira masana, imawayanja amene mankhwala amawagoneka m'mawa, komanso imamuchotsa pamaso pa anzake amene anamuona akudwala. Kubwereza Fomu 3 si manyazi. Kuthamanga sikufika.

Pitani kwa ahedi ndi kalata ya kuchipatala nthawi yolembetsa mayeso isanakwane, mukafunse thandizo limene MANEB imapereka kwa ophunzira a zosowa zapadera, makamaka nthawi yoonjezera. Musadikire teremu yomaliza. Funsaninso ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu ngati kuli mphunzitsi wa maphunziro apadera pafupi. Ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Kunyumba, mfundo ndi imodzi ndipo ikugwira kwa ana onse atatu: chimene mutu sukutha kusunga, chisungidwe kunja kwa mutu. Wopanda manja okwanira timamupatsa jumbo. Pomutuma, chinthu chimodzi kapena ziwiri, ndipo abwereze zimene mwanena. Zambiri zilembedwe pakapepala. Pa masamu, 4 uja alembedwe pambali, asasungidwe m'mutu, ngakhale aphunzitsi ena amakonda kope loyera. Powerenga, ndime imodzi, atseke buku, akuuzeni zimene wamva, inu mukusenda mbatata. Mphindi 20 katatu pa tsiku zimaposa maola atatu ongokhala. Alamu ya pa foni ikumbutse mankhwala ndi nthawi yowerenga m'malo mwa pakamwa panu, kuti inu mukhalebe mayi, osati kapitawo. Ndipo nthawi ndi malo zisamasinthesinthe, zimene kwa wa autism uja n'zofunika koposa.

Pa ntchito yamanja, mawu anu akuti "tingomupezera" andikhudza pang'ono, chifukwa ukalipentala kapena utelala si kotayira amene sukulu yawakana. Funso loyenera ndi lakuti, ntchitoyi imafuna zinthu zingati m'mutu nthawi imodzi, ndipo pa liwiro lanji? Ukondakitala wa minibasi anthu amauyesa wophweka, koma taganizani: anthu 16, aliyense ndi potsikira pake, chenji cha anayi chili m'mutu, dalaivala akukalipa. Kukhala pa benchi ya Airtel Money kapena Mpamba n'chimodzimodzi, manambala, mzere wa anthu, ndi akuba odikira kuti usokonezeke. Ulonda wa usiku ndiye ayi ndithu, chifukwa kusagona kumadzutsa matendawa. Pamene kusoka, kuweta nkhuku, kukonza mafoni, kulemba zinthu pa kompyuta kapena kusamala nazale ya mitengo, ntchito imakhala pamaso pako, umaiona pamene wafika, ndipo ukaima pang'ono sithawa. Maphunziro ambiri otere amapezeka kudzera ku TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Za makina ocheka ndi kukwera pamwamba zidikire mpaka nkhani ya tulo ndi kunjenjemera itakhazikika.

Musadikirenso kuti achire kotheratu kenako ayambe. Ku New Hampshire, m'dziko la America, Deborah Becker ndi Robert Drake anayambitsa njira yotchedwa IPS, yoika wodwala pa ntchito yeniyeni imene iye wasankha n'kumamuthandiza ali pomwepo, ndipo mayesero ambiri m'mayiko osiyanasiyana aonetsa kuti imapezetsa anthu ntchito kuposa kuwaphunzitsa kwa zaka akudikira. Kwathu kuno zingatanthauze mmisiri mmodzi wodekha, wouzidwa zoona, yemwe angamulandire masiku atatu pa sabata. Denga musamuikire. Elyn Saks ali ndi schizophrenia ndipo ndi pulofesa wa zamalamulo ku University of Southern California. Sindikulonjeza kuti wanunso adzafika kumeneko. Saks anali ndi chithandizo chimene ambiri alibe. Ndikungoti dzina la matenda palokha silinena pamene munthu adzathere.

Nanga wamng'ono? Ndikuuzeni mosabisa: kukhala ndi m'bale wa bere limodzi wodwala schizophrenia kumakweza chiopsezo, koma mwa abale 10 otere, pafupifupi 9 sadwala. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, mmodzi akadwala, chiopsezo choti mnzake adwalenso chimakhala theka ndi theka kapena kucheperapo. Chimene chili m'manja mwanu ndi chamba. Kusuta chamba ali wachichepere kumakweza chiopsezo cha matendawa, makamaka m'banja ngati lanu, ndipo ana a ADHD sachedwa kuyesa zinthu. Muyambe kukamba naye panopa, asanafike kusekondale. Adokotala akadzaganiza zomupatsa mankhwala a ADHD monga methylphenidate, muwauze za mkulu wake asanalembe.

Muonetsetsenso kuti anamuyeza maso ndi makutu, ndipo mukumbukire ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe anatuluka mu 2010, anapeza kuti ana ena opulumuka malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu kapena vuto la khalidwe losakhazikika. Khunyu lina siligwetsa, mwana amangoti duu kwa masekondi angapo kenako n'kupitiriza, ndipo m'kalasi ya ana 90 amangoti samvetsera. Ngati zoterezi munazionapo, kazinenenso kuchipatala.

Kwa aphunzitsi ake musapite ndi mndandanda wautali, nawonso manja awo ndi odzaza. Pemphani ziwiri: akhale kutsogolo kutali ndi zenera, ndipo akayamba kutakataka amutume kukafufuta bolodi kapena kutolera makope m'malo momukwapula. Pakatha mwezi mubwerereko mukamve ngati zasintha, kenako mupemphe chachitatu.