Belle-mère: apongozi kapena mayi okupezani?

Mlongo wina wanditumizira imelo. Akuti akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Lyon, ku France, ndipo analemba m'Chingerezi mawu odziwitsira abale ake kwa akuchimuna. Atawatanthauzira pafoni, anadabwa kuona kuti mother-in-law ndi stepmother onse atuluka belle-mère. Funso lake n'lakuti, kodi foni yalakwitsa?

Siinalakwitse ayi, achemwali. M'Chifalansa belle-mère ndi apongozi aakazi, komanso ndi mkazi amene bambo anu anakwatira mayi anu atamwalira kapena ukwati utatha. Beau-père chimodzimodzi. Belle-fille ndi mkazi wa mwana wanu kapena mwana wamkazi amene munamupeza. Mkamwini ali ndi dzina lakelake, gendre. Pamene pangasokoneze, tchulani ubalewo mwatchutchutchu: la mère de mon mari, mayi a amuna anga, la femme de mon père, mkazi wa bambo anga.

Samalaninso ndi fille ndi femme. Une fille ndi mtsikana, koma ma fille ndi mwana wanga wamkazi. Ma femme ndi mkazi wanga. Ndipo kamzere kamodzi kamasintha munthu: petite-fille ndi mdzukulu, petite fille ndi kamtsikana chabe.

Koma chimene chikundikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi china. Mwalemba uncle katatu. Ndikukhulupirira kuti mmodzi ndi amalume, ena ndi abambo aakulu kapena aang'ono. Chingerezi chinawaponya kale m'dengu limodzi, ndipo Chifalansa chichita zomwezo ndi oncle. Ana a abambo aang'ono, amene munadya nawo mbale imodzi, adzangokhala cousin ndi cousine, osasiyana ndi asuweni. Ine sindingalole kuti amalume, ankhoswe a ukwati wanu, aimirire pamaso pa anthu ngati oncle wamba. Choncho musayambire pa mawu a Chingerezi aja. Yambirani pa munthuyo, ndipo munene kuti: "Je vous présente mon oncle, le frère de ma mère," kutanthauza kuti awa ndi amalume anga, alongo a mayi anga. Kwa abambo aang'ono nenani le frère cadet de mon père, ndipo aakulu ndi le frère aîné. Sichitalika kwenikweni, ndipo akuchimuna adziwa woti amupatse mpando woyamba.

Mawu achikondi a panyumba mudzawamva msanga: papi ndi mamie ndi agogo, tonton ndi oncle, ndipo tata ndi tante, amene m'Chingerezi ndi aunt.

Pomaliza pali you, amene Chingerezi chimamubisa koma ife timamudziwa bwino. Tu ndi iwe, vous ndi inu. Mudzamva amuna anu akunena tu kwa mayi awo, ngakhale kwa agogo. Kumeneko si mwano. Inuyo kwa apongozi gwiritsani vous mpaka iwo eni atanena kuti "On peut se tutoyer," kutanthauza kuti titha kumaitanana kuti tu.