Atsopano sakukhalitsa pagulu lathu la WhatsApp, titseke chitseko?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Salima ndipo geni yanga ndi ya usipa. Ndimapikula ku Senga Bay, nthawi zina ku Lifuwu, n'kukagulitsa ku Lilongwe. Zaka zitatu zapitazo, amayi asanu ndi mmodzi tinatsegula gulu la pa WhatsApp loti tiziuzana doko lomwe kwatuluka nsomba, mtengo wa ndowa tsiku limenelo, komanso galimoto yomwe ili ndi malo a katundu. Pagulupo munthu salowa yekha, amachita kuitanidwa ndi mmodzi wa ife. Pano tapitirira 70 ndipo admin ndine.

Vuto ndi atsopano. Akalowa amangoti zii, mwezi usanathe atuluka. Mtsikana wina wa ku Chipoka anafunsa kusiyana kwa usipa wofutsa ndi wongoyanika, anthu n'kumuyankha ndi tizithunzi toseka. Kutacha tinapeza wachoka. Kenaka wina anagawa linki yathu, panalowa munthu yemwe palibe ankamudziwa. Ananamiza mayi wina kuti ali ndi matumba a usipa, mayiyo n'kumutumizira ndalama pafoni, mpaka lero usipawo sunafike. Tsopano akale akuti titseke, tisalandirenso aliyense. Ine mtima ukukana, poti nanenso geniyi anachita kundiphunzitsa. Nditani?

Mayi wa usipa, Salima

Zikomo mayi,

Musatseke. M'kalata mwanumu muli nkhani ziwiri zomwe anzanuwo aziika m'thumba limodzi: ya wakuba uja ndi ya mtsikana wa ku Chipoka. Ya wakubayo muthana nayo madzulo ano ndiwo zili pamoto. Ya mtsikanayo ndiye ifuna kukhala pansi.

Tiyambe ndi yapafupiyo. Dinani dzina la gulu lanu pamwamba paja, mupeze pomwe pali linki yoitanira anthu, muisinthe. Mukatero yakale ija imafa, ngakhale itakhala kuti yafika kale ku Karonga. Pamenepo palinso poti muyatse kuti aliyense wolowera pa linki azidikira kaye chilolezo cha admin, ndi poti musankhe ngati mamembala wamba angalowetse anthu kapena ayi. Gulu la WhatsApp limatha kunyamula anthu 1,024, ndiye anthu 70 foni siikumva kulemera. Amene mukumva kulemera ndinu, chifukwa anthu asanu ndi mmodzi mumawadziwa mpaka kumene anakwatiwa, pomwe 70 simungawadziwe nkhope onse. Tsono woitana mnzake aziimira ngati mboni: anene kuti munthuyu ndi ndani, amapikula doko liti, anadziwana naye bwanji. Mayi anaberedwa aja asunge mauthenga onse ndi nambala ija, akanene kupolisi.

Tibwere kwa mtsikana uja, ndipo mundilole ndikambe zanga pang'ono. Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo pali chaka china chomwe ndinayesako geni ya mpunga. Mlamu wanga anandilowetsa pagulu la anthu ogula Kilombero ndi Faya, n'kungondisiya pomwepo. Nditatsegula ndinapeza poyera, poti munthu ukalowa kumene suona zomwe anzako anakambirana dzana. Kenaka mauthenga anayamba kugwa ngati mvula: mayina opekerana, nthabwala zomwe zinayambira kale, mitengo yolembedwa mwachidule osanena kuti ndi ya ndowa kapena ya thumba. Ndinakhala masabata awiri osalemba kanthu, ine amene ndimadyera kulemba. Tsiku lina foni inalira, anali mayi wina wachikulire wa pagulupo. Anati, "Ndaona mwalowa koma simukuyankhula. Mawa ndili kumsika, mubwere." Ndinapita. Anatapa mpunga wosapuntha m'thumba, natikita pachikhatho kuti mankhusu achoke, nandipatsa kambewu kamodzi kuti ndilume. Kakathetheka ndiye kuti wauma, kakaphwanyika mwakachetechete ndiye kuti ukadali ndi madzi, ukaupititsa kuchigayo usweka. Anandiuzanso yemwe pagulupo mawu ake ndi odalirika ndi yemwe amakokomeza mitengo. Usiku womwewo ndinalemba uthenga wanga woyamba. Geniyo sinandiyanje, ndinaisiya, koma mayi aja timaimbiranabe.

Kuchinamwali kumakhala namkungwi, koma namwali aliyense amakhala ndi phungu wakewake woti amufunse zomwe sangafunse pagulu. Inu ndinu namkungwi, gulu lanu likusowa aphungu. Aliyense wolowa apatsidwe munthu mmodzi wakale womuyang'anira mwezi woyamba. Kawirikawiri akhale yemwe wamuitanayo, koma ngati woitanayo ndi wa mtundu wa mlamu wanga, musankhe wina. Ntchito ya phunguyo si yambiri. Amuimbire tsiku loyamba. Amulonjere pagulu pomutchula dzina ndi doko lake, kuti anthu asaone nambala yokha. Mafunso ochititsa manyazi aziyankhidwa kumbali. Ngati n'kotheka apite naye kunyanja ulendo umodzi, akaone momwe amayankhulira ndi alovi, asodzi aja, ngalawa zikamakocheza m'bandakucha, momwe amagwirira usipa pathandala kuti adziwe ngati wauma, ndi chifukwa chake mitengo imalumpha mwera ukawomba kapena mwezi ukawala. Zimenezi pafoni sizilembeka bwino.

Malamulo akhalepo, koma ochepa. Inu a ku Salima chitsanzo muli nacho pakhomo. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kudzatsegulidwa mu Epulo, ndipo msodzi aliyense, ngakhale wochokera kutali, amadziwa kuti kumeneko kulibe mowa, chamba kapena juga. Lamulo lina loletsa amayi kupondako tilisiye, lingatithere tsamba. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti malamulowo munthu amatha kuwanena pamtima. Anunso akhale otero: osagawa linki, osatumiza ndalama za katundu yemwe palibe wa pagulu wamuona ndi maso, osauza munthu PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, osapereka manambala 6 aja amene WhatsApp imatumiza pa SMS, chifukwa ndi omwe akuba amagwiritsa ntchito polanda gulu lonse kudzera pafoni ya munthu mmodzi. Ndiye lomaliza, osaseka wofunsa. Muwalembe pamalo ofotokozera za gulu, komanso muwakhome pamwamba pa zokambirana. Uthenga wokhomedwa sukhalitsa kupitirira masiku 30, ndiye muziukhomanso mwezi ukatha. Popeza si onse amakonda kuwerenga, jambulani mawu a mphindi imodzi oti phungu azitumizira watsopano aliyense. Mphindi imodzi ndithu, bandulo ndi ndalama.

Oseka aja musawakalipire pagulu, mungoyambitsa msonkhano. Admin ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina kuti onse asauone, ndiye fufutani, muwaimbire mmodzimmodzi. Chachikulu n'chakuti funsolo liyankhidwe pomwepo, ndi inu kapena wina wolemekezeka. Zikanatenga mizere iwiri kumuuza mwana uja kuti wofutsa amayamba auviika m'madzi owira kanthawi kochepa asanauyanike, pomwe winawo amangouyala pathandala ukangochoka m'madzi. Ndikhulupirira kuti pa anthu 70 panali ena amene anakondwa mumtima kuti wina wawafunsira. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Pali china chomwe simunalembe koma ndikuchimva fungo. Ena mwa akale akufuna chitseko chitsekedwe osati chifukwa cha wakuba, koma chifukwa watsopano aliyense ndi wopikisana naye padoko. Ogula akachuluka ndowa imakwera. Mantha amenewa si opusa, ndipo musachite ngati kulibe. Kambiranani poyera. Mwina mugwirizana zolandira anthu awiri kapena atatu pamwezi, kuti aphungu akwane komanso akale asaone ngati alandidwa malo. Muwakumbutsenso kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. M'kalata mwanu mwatchula Senga Bay ndi Lifuwu. Ku Chipoka muli ndi ndani wokuuzani kuti lero kwatuluka usipa? Munali naye mmodzi, munamuseka.

Inunso musasenze zonse nokha. Sankhani ma admin ena awiri, mmodzi mwa oyambitsa aja ndi mmodzi mwa omwe analowa chaka chathachi, poti ameneyo akukumbukirabe momwe kukhala mlendo kumawawira.

Nambala ya mtsikana wa ku Chipoka ikadalipo, ngati si pafoni panu ndiye ili kwa yemwe anamuitana. Muimbireni, musalembe uthenga. Mumuyankhe funso lake la usipa wofutsa lija, mupepese m'malo mwa gulu, kenaka mumufunse ngati angalole kubwerera, mumuuzenso dzina la phungu wake. Akakana musamukakamize, ingomuuzani tsiku lomwe mudzakhale ku Senga Bay.

Azakhali