Zithunzi zanu m'buku la anthu 6: lowani, koma mulemberane kaye

Achemwali ena a ku Zomba andilembera imelo sabata ino. Anzawo 5 akufuna kutulutsa kabuku ka zithunzi za m'misika, awapempha zithunzi 10 ndiponso kuti asonkhe nawo ndalama zosindikizira. Malipiro palibe. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi sakundidyera masuku pamutu?"

Achemwali, ine ndikuti lowani. Chithunzi cha pa Facebook anthu amachidutsa ndi chala, pomwe cha m'buku munthu amachikhalira pansi. Komanso nokha ndalama zosindikizira zingakulemereni.

Koma musanatumize ngakhale chimodzi, mulemberane kapepala, ngakhale akhale anzanu a kusukulu. Kanene kuti mukuloleza zithunzizo m'buku ili lokha, makope akhala angati, dzina lanu lilembedwa pati, mulandira mabuku angati, ndipo likagulitsidwa ndalama zigawidwa bwanji. Mawu ofunika kwambiri ndi awa: umwini wa zithunzi ukhalabe wanu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi, koma mukasainira kuti mwapereka umwini wonse, mawa chithunzi chanu chikapezeka pa kalendala mudzasowa chonena. Pamene simukumvetsa, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso ku Lilongwe, ndi oyenera kuwafunsa.

Potumiza, musaponye pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa imachifinya. Tumizani ngati document kapena pa Google Drive. Osindikiza amafuna 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), kutanthauza kuti chodzaza tsamba la A4 chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 2480 ndi 3508, kuonjezerapo mamilimita 3 mbali zonse omwe mpeni umadula. Mitundu ya pa foni imawala kuposa inki ya CMYK, ya mitundu inayi yomwe osindikiza amagwiritsa ntchito. Kufiira kwa tomato ndi zitenje kumazilala papepala. Muumirire kuona tsamba loyeserera asanasindikize onse.

Chopweteka n'chakuti pa zithunzi 10 mwina alowetsa 4, ndipo chomwe mumachikonda kwambiri chingatsale. Si nkhanza ayi. Chithunzi chokongola chimatha kulimbana ndi chinzake cha tsamba loyang'anizana nalo, ndipo buku lomanga ndi masitepulo masamba ake amayenda 4, 8, 12, kotero malo ndi owerengeka. Musankhe munthu mmodzi wosanja ndipo mumukhulupirire. Nonse 6 mukamagwira chiwongolero simufika.

Chomwe chimandikhudza mtima ndi amayi ogulitsa usipa ndi masamba omwe nkhope zawo zidzakhale m'bukumo. Kuvomera kujambulidwa n'kosiyana ndi kuvomera kugulitsidwa m'buku. Bwererani kumsika, muwaonetse chithunzicho, muwafotokozere, ndipo ngati pachithunzipo pali mwana mufunse makolo ake. Akakana, chichotseni, ngakhale chikhale chabwino chotani.

Popeza muli ku Zomba, dzipatseni ntchito yopita ku National Archives, kosungira zolembedwa za dziko, kukafunsa za ISBN (nambala yozindikiritsa buku) ndi kukasiya kope bukulo likatuluka. Kope lina mukapereke kwa amayi aja.