Mafunso a Pagalaja: Turbo ikakoka, mafuta akuthawira kuti?

Funso: Akuluakulu a pagalaja, ndili ndi Subaru Impreza WRX ya injini ya EJ20. Ndinaikitsa turbo yokulirapo, ma injector (timipope tolavulira mafuta mu injini) akuluakulu ndi pampu ya mafuta ya Walbro 255, ndipo kompyuta ya injini anaitchuna kuti boost (pulesha ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini) izifika 1.3 bar. M'tauni imayenda bwinobwino. Koma ndikaponda moto mu giya yachitatu, ikangodutsa 5,000 rpm imatsamwa, geji ya AFR (kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta) n'kuchoka pa 11.5 kudutsa 13. Pulesha ya mafuta imayamba yafika 4.3 bar kenako n'kutsika mpaka 3.5. Makaniko wanga akuti 3.5 ndi yokwanira chifukwa buku limati 3 bar, ndiye tisinthe mapulagi. Ndimumvere? *Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre*

Yankho: Achimwene, choyamba siyani kuponda moto mpaka vutoli litapezeka. AFR ya 13 turbo ili pantchito ikutanthauza kuti mafuta achepa: imatenthetsa silinda ndi kuyambitsa kugogoda, ndipo mapisitoni a EJ sachedwa kusweka pakati pa maring'i zikafika pamenepo. Mapulagi asiyeni kaye.

Makaniko wanu wawerenga bwino bukulo, koma 3 bar imeneyo amaiyeza injini ikulira galimoto ili chiimire, kapaipi ka mpweya kopita ku regulator (kachipangizo kosunga pulesha ya mafuta pobweza otsala kuthanki) katazulidwa. Injector imalavulira mafuta mu manifold, mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda, ndipo turbo ikakoka, mpweya wa mu manifoldmo umakankha mobweza. Chimene injector imamva ndi kusiyana kwa mbali ziwirizi. N'chifukwa chake regulator imayenera kukweza pulesha ya mafuta mofanana ndi boost: boost ikafika 1.3, geji ionetse 4.3 ndipo ikhale pomwepo mpaka rpm yomaliza. Inu mukuona 3.5. Chotsanipo 1.3, yatsala 2.2 bar m'malo mwa 3. Pamenepo mafuta otuluka mu injector achepa ndi pafupifupi 14 peresenti, ndipo 11.5 ija imasanduka 13.4. Manambala anu akugwirizana ndendende.

Mmene singano ikuyendera zikutiuzanso koyang'ana. Pulesha ikanakhala kuti siikwera n'komwe turbo ikakoka, tikanati kapaipi ka regulator kang'ambika, kazuka, kapena kanalumikizidwa pamalo posafika boost. Yanu ikukwera bwino, n'kudzagwa injini ikafuna mafuta ambiri. Ndiye kuti regulator ikuyesetsa, koma mafuta ochokera kuthanki sakufika okwanira.

Musathamangire kugula pampu ina. Injini ya mphamvu za 300 hp imamwa malita a pakati pa 100 ndi 115 pa ola ikapondedwa mpaka pansi, ndipo Walbro 255 yeniyeni, ikamalandira magetsi okwanira, imatha kupereka oposa pamenepo ngakhale pa 4.3 bar. Nkhani yagona pa mawu oti magetsi okwanira. 255 ija ndi malita pa ola, ndipo amawayeza cha pa 3 bar ndi 13.5V. Pulesha ikamakwera pampu imatulutsa ochepa koma imakoka magetsi ambiri, cha m'ma 10A kapena kuposerapo, ndipo mawaya opyapyala a kufakitale, amene adutsa m'malo olumikizira angapo ndipo akalamba, amataya magetsi panjira. Lumikizani multimeter, mita yoyezera magetsi, pa mawaya awiri olowa pachivundikiro cha pampu, kuseri kwa mpando wakumbuyo, wina akhale kumbuyoko akuwerenga pamene inu mukukoka mu giya yachitatu panjira yopanda anthu, ndipo muchotse phazi AFR ikangoyamba kukwera. Pabatire pazikhala 13.8V mpaka 14.2V. Papampu pasatsike kuposa theka la voti kuchoka pamenepo. Mukapeza 11.5V, wakuba mwamugwira. Kuyeza galimoto ili chiimire kungakunamizeni, chifukwa ma WRX ena ali ndi kabokosi kamene kamachepetsa dala liwiro la pampu injini ikakhala kuti sikulimbana ndi katundu.

Mankhwala ake ndi otchipa: relay (switchi yoyatsidwa ndi magetsi) ya 30A pafupi ndi thanki, waya wa 4 mm² wochokera kubatire, fyuzi ya 20A pafupi ndi batire penipeni, ndi waya wa earth wonenepa chimodzimodzi womangidwa pachitsulo chopalidwa utoto. Waya wakale uja azingoyatsa relay. Ngati galimoto yanu ili ndi kabokosi kaja, chizindikiro choyatsira relay muchitenge pa waya wolowa m'kabokosiko, osati wotuluka. Mukamaliza onaninso pulesha injini ikulira chiimire. Pampu ikamathamanga mphamvu zonse nthawi zonse, regulator ya kufakitale nthawi zina imalephera kubweza mafuta onse, pulesha n'kukwera kuposa 2.3 mpaka 2.5 bar imene imayenera kuoneka kapaipi kali m'malo.

Magetsi akakhala bwino, pitani pa fyuluta. Pa ma Impreza akale ndi kachitini kamene kali mu boneti, pa ena a pambuyo pake ili m'thanki momwemo. Fyuluta yotsekeka theka imalola mafuta okwanira kuyendera m'tauni, imadzaonetsa khalidwe lake pa 5,000 rpm. Ngati galimotoyi inamwapo mafuta a m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, musavutike n'kuiyeza, ingosinthani, ndipo muidule yakaleyo muone zimene yagwira. Dzimbiri kapena matope m'menemo ndiye kuti kasefa ka kunsi kwa pampu nakonso kadzaza.

Tsopano tulutsani pampu. Zulani fyuzi yake, lizani injini mpaka izime yokha kuti pulesha ithe, chotsani waya wa batire, ndipo ntchitoyi ichitikire panja, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Chimene chimapusitsa amakaniko ambiri ndi kapaipi kakafupi kolumikiza pampu ndi chitsulo chake. Kapaipi kameneka kamakhala komizidwa m'mafuta, choncho kayenera kukhala kolembedwa SAE J30R10. Paipi wamba ya mafuta inapangidwa kuti petulo azidutsa m'kati mokha. Ikamizidwa imafufuma kunja, n'kufewa, n'kung'aluka, ndipo petulo wathu wosakaniza ndi ethanol sachitira chifundo labala wosayenera. Mng'alu wake umakhala wotseka pa 2.5 bar, n'kuyasama pa 4 bar, mafuta n'kumabwerera m'thanki momwemo popanda dontho loonekera pansi. Kapindeni ndi zala muone. Onaninso ma clamp ndi O-ring ngati ilipo.

Zonsezi zikakhala bwino, yesani pampuyo. Finyani paipi yobweza mafuta kwa sekondi imodzi kapena ziwiri zokha injini ikulira: pampu yamoyo imaponya singano kudutsa 5 bar nthawi yomweyo. Ikakwera mwaulesi, pampu yatopa kapena si Walbro yeniyeni, pakuti zachinyengo zadzaza pamsika ndipo kunja zimaoneka chimodzimodzi. Kuyeza kwabwino koposa ndi uku: lozetsani paipi yobweza m'chigubu choyezera, pampu iyende ndi magetsi onse injini ili yozima, ndipo ndi pampu yamanja kankhirani 1.3 bar mu regulator kuti geji ifike 4.3. M'masekondi 30 mutuluke mafuta oposa lita imodzi ndi theka. Akachepera lita imodzi, pampuyo singadyetse injini yanu. Mukamazula kapaipi ka regulator kanunkhizeni. Mukakhala petulo, regulator yabooka.

Mawu amodzi okhudza geji: ya singano yolowa mafuta enieni isalowe m'kati mwa galimoto. Imangirireni panja pa galasi lakutsogolo nthawi yoyesa, kapena gwiritsani ntchito ya sensa yamagetsi.

Funso: Forester yanga ya turbo imadukiza pokhota mwamphamvu, makamaka mafuta akachepa. Panjira yowongoka ilibe vuto. *Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu*

Yankho: Thanki ya Subaru ili ndi mbali ziwiri chifukwa shafiti yopita kumatayala akumbuyo imadutsa pakati. Pampu ili mbali imodzi, ndipo mafuta a mbali inayo amakokedwa ndi jet pump, kachipangizo kopanda magetsi kamene kamayendetsedwa ndi mafuta obwerera kuchoka ku injini. Pokhota mafuta amathawira uko, pampu n'kumeza mpweya. Dzazani thanki mubwereze pakona yomweyo. Vuto likatha, tsegulani muone ngati jet pump yatsekeka kapena kapaipi kake kanasiyidwa kosalumikiza posintha pampu, ndi ngati kasefa kakufika pansi penipeni. Poyembekezera, mafuta asatsike kuchepera kota.

Funso: Pa vuto ngati la WRX ija, bwanji ndingoika regulator yosintha ndi sipanala, ndikweze pulesha kufika 4 bar kuti ikamatsika izikhalabe yokwanira? *Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe*

Yankho: Ayi bambo. Pampu imene ikulephera pa 4.3 bar mukufuna kuipempha 5.3 (4 kuphatikiza boost ya 1.3), pamene imatulutsa mafuta ochepa kwambiri ndi kukoka magetsi ochuluka. Pa rpm yotsika galimoto izimwa mopitirira chifukwa kompyuta inatchunidwa pa 3 bar, pa rpm yokwera njala ya mafuta ija ibwera msanga kuposa kale. Kukweza pulesha kumathandiza pokhapokha ma injector ndi amene afika pamapeto, atseguka kudutsa 85 kapena 90 peresenti ya nthawi, pampu ikadali ndi mphamvu zotsala. Ngakhale pamenepo, kompyuta iyenera kutchunidwanso tsiku lomwelo galimoto isanabwerere pamsewu.