Musanapopere mankhwala, khalani kaye pansi muyang'ane

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti chiyambireni kutentha, kadimba ka kuseri kwa nyumba yawo kadzaza tizilombo, masamba a nyemba apiringizika, ena abooka. Akufunsa ngati apopere mankhwala dimba lonse, komanso chifukwa chake mbalame sizibwera pakhomo pawo.

Mayi, mafunso anu awiriwa muzu wake ndi umodzi. Ndikupempheni musapopere kaye. Mawa mulawirire dzuwa lisanakwere, mukakhale phee pafupi ndi nyembazo kwa mphindi 20, kenako mutembenuze tsamba limodzi lopiringizikalo.

Kunsi kwake mwina mukapeza nsabwe za m'masamba zitaunjikana. Nyengo yotentha zazikazi zimabereka ana amoyo popanda yamphongo, ndipo mwanayo pakangotha sabata kapena kupitirirako pang'ono nayenso amayamba kubereka. N'chifukwa chake zimaoneka ngati zabwera usiku umodzi. Mukaonanso nyerere zikukwera ndi kutsika. Izo sizidya nsabwezo ayi, zimaziweta: zimanyambita timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa, n'kumazitchinjiriza kwa adani.

Koma chimene ndikufunitsitsa muone ndi kachilombo kozungulira, kofiira, ka madontho akuda, kamene m'mabuku amati ladybird. Kamodzi kamatha kudya nsabwe pafupifupi 50 patsiku. Mwana wake safanana nako n'komwe, ndi wakuda, wamtali, wa timawanga tachikasu, ngati kang'ona kakang'ono, ndipo ambiri amamupha poyesa ndiye akuononga mbewu. Zimandipweteka mtima, chifukwa ameneyo ndiye mlonda wa nyemba zanu. Chiswambiya nachonso chimasaka momwemo, kangaudenso. Mukapopera dimba lonse onsewa amafa, ndipo nsabwe, poti zimaswana msanga, ndizo zimayamba kubwerera.

Tsopano za mbalame. Timbalame tambiri, ngakhale timene timadya njere ngati mpheta, timalera ana awo ndi mbozi ndi tizilombo tofewa. Tsamba lobooka ndi chizindikiro chakuti pali chakudya cha anapiye. Pamene palibe mbozi, mbalame yolera ana ilibe chodzatera.

China ndi madzi. Mbalame situluka thukuta, kukatentha imangoyasamula kukamwa n'kumapuma mofulumira. Ikani mbale yosazama pamthunzi, madzi asapitirire masentimita 5, muikemo mwala woti mbalame ziziterapo, womwenso umapulumutsa njuchi kuti zisamire. Pakhale poonekera bwino kuti mphaka asazembere. Madziwo muzisintha pakapita masiku awiri, udzudzu ungaswanemo.

Ngati muli ndi maungu, muyang'anenso maluwa ake m'mawa womwewo. Duwa limatseguka m'mawa umodzi wokha, pofika masana lafota. Lachikazi lili ndi kadzungu kunsi kwake, lachimuna lilibe, ndipo njuchi ikapanda kutenga mungu ku lachimuna kupita nawo ku lachikazi, kadzungu kaja kamasanduka chikasu n'kuthothoka. Ambiri amati ndi matenda, chonsecho ndi njuchi zasowa.

Sindikuti musakhudze kalikonse. Nsabwe zikachulukitsa pa chomera chimodzi, zithireni madzi mwamphamvu kapena muthyole nsonga zogwidwazo. Mukhalenso ndi kakope kolembamo tsiku, nthawi ndi zimene mwaona. Pakatha masabata awiri mundilemberenso, makamaka mundiuze mbalame imene yayamba kutera pa mbale ija.