Masamba a laurel akuwauka: kumbani muone mizu musanathire feteleza

Bambo wina amene amagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Mount Pleasant, muno mu Harare, wandilembera imelo yodandaula. Akuti kumayambiriro kwa Seputembala anaoka mitengo 20 ya laurel m'mbali mwa mpanda wa simenti (durawall), mbali imene dzuwa la masana ndi la madzulo limaomba, ndipo amaithirira ndi payipi tsiku lililonse. Tsopano Okutobala akupita kumapeto, masamba ambiri awauka m'mphepete, ena afiira n'kuyoyoka. Eni nyumba akuti athire feteleza, koma iwo akukayika, ndipo akufunsa ngati awa ndi matenda komanso ngati mitengoyi ingapulumuke.

Bambo, mwachita bwino kukayika, ndipo ndikupempheni kuti thumba la fetelezalo likhale lomanga mpaka mutakumba pansi pa mtengo umodzi kapena iwiri. Tsamba lowauka limangonena chinthu chimodzi, chakuti madzi sakufika kumasamba mokwanira, koma silinena chifukwa chake. Mtengo umene mizu yake yauma ndi mtengo umene mizu yake yawola ndi madzi ochuluka imaoneka chimodzimodzi pamwamba, pomwe chithandizo chake n'chosemphana kotheratu.

Laurel amene amabzalidwa ngati mpanda nthawi zambiri ndi cherry laurel, Prunus laurocerasus, wa masamba aakulu onyezimira, amene kwawo ndi kumayiko ozungulira nyanja ya Black Sea monga Turkey, kumene amamera m'nkhalango za mthunzi ndi chinyezi. Mtengo wotere sugwetsa masamba onse monga ichitira mitengo yathu yambiri m'chilimwe, choncho umataya madzi kudzera m'masamba chaka chonse. Inu mwauoka mu Seputembala muno mu Harare, mzinda wokwera mamita pafupifupi 1,500 kumene dzuwa limabaya kwambiri, mphepo ili youma, mvula itatha kale mu Epulo, ndipo mwauika pafupi ndi khoma la simenti limene limasunga kutentha n'kumakutulutsa mpaka usiku. Mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 30 masiku ambiri. Mizu ikadali yopanikizika monga inalili m'thumba la kunazale, ndiye singathe kutunga madzi ofanana ndi amene masamba akutaya. Ichi ndicho ndikuchiganizira poyamba.

Mwina mukudabwa kuti mtengo wothiriridwa tsiku lililonse ungafe bwanji ndi ludzu. Manazale ambiri amadzala mbande m'makungwa a paini ogayidwa kapena m'dothi lopepuka losakaniza ndi kompositi, ndipo zinthu zimenezi zikangouma kamodzi zimakana madzi, moti madzi a payipi amangotsetsereka m'mbali n'kulowa m'dothi lozungulira, pakati pamene pali mizu pali gwa. Munthu akayang'ana pamwamba amaona matope n'kukhutira. Choncho mawa m'mawa, musanathirire, tengani kakhasu, mukumbe pambali pa mtengo wowauka kwambiri kuya masentimita 20, kenaka mulowetse chala m'dothi lomwe linachokera kunazalelo, osati m'dothi la pabwalo. Mukapeza fumbi, yankho mwalipeza.

Zikakhala choncho, umbani kamzere ka dothi kozungulira tsinde kuti madzi asathawe, ndipo muthire pang'onopang'ono malita 10 pamtengo uliwonse, theka poyamba, theka lina madzi oyambawo atalowa. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu pa sabata m'nyengo yotenthayi, m'mawa kwambiri, m'malo momwaza madzi pang'ono tsiku lililonse, chifukwa kumwaza kumanyowetsa pamwamba pokha ndipo mizu imazolowera kukhala pafupi ndi kutentha. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, kuchindikala masentimita 5 mpaka 8, koma musiye mpata kuti zophimbirazo zisakhudze tsinde. Ngati eni nyumba angalole, mangani ukonde wa mthunzi kapena masaka kumbali ya kuzambwe mpaka mvula itayamba.

Koma mwina mukakumba mudzapeza zosiyana. Dothi la kumpoto kwa Harare, ku Mount Pleasant, Borrowdale ndi Highlands, ndi katondo wolemera, ndipo dzenje lokumbidwa mu katondo wouma n'kudzazidwa ndi kompositi limasanduka mtsuko wosunga madzi. Kuthirira tsiku lililonse m'dzenje lotere kumachotsa mpweya m'dothi, mizu imabanika, kenaka tizilombo ta mtundu wa Phytophthora, timene timakonda dothi lonyowa ndi lofunda, timalowa n'kuiwoletsa. Mizu yabwino imakhala yoyera kapena yotuwa ndiponso yolimba, pomwe yowola imakhala yakuda, yofewa, khungu lake limavuuka mukalikoka ndi zala, ndipo dothi limanunkha mowawasa. Masamba a mtengo wotere amayamba achita chikasu ndi kulendewera asanafiire. Mukapeza zimenezi siyani kuthirira mpaka dothi litauma pang'ono. Kuti mudziwe ngati malowo amatsitsa madzi, kumbani dzenje lina pafupi lakuya masentimita 30, mulidzaze madzi madzulo, ndipo ngati m'mawa madzi akadalimo, mitengoyo iyenera kuzulidwa ndi kuokedwanso pa mzere wokwezeka mvula ya Disembala ndi Januwale isanafike, apo ayi idzamira.

Muli chigwadire pomwepo, yang'anani kuya kumene munaokera. Malo amene tsinde limayamba kutambasuka kukhala mizu ayenera kulingana ndi pamwamba pa nthaka. Ambiri timakwirira kwambiri poganiza kuti mtengo ulimba, koma khungwa lokwiririka limawola, ndipo mtengo umafooka pang'onopang'ono kwa miyezi. Fukulani dothi lowonjezeralo ndi manja. Onaninso ngati mizu inazungulirazungulira m'thumba muja osamasulidwa pooka, komanso ngati chiswe sichinamate dothi patsinde n'kudya khungwa, pakuti m'chilimwe chiswe chimathamangira pamene pali chinyezi, makamaka mtengo ukakhala wofooka kale.

Tsopano za feteleza. Ndikumvetsa chifukwa chake eni nyumba akuganiza choncho, popeza tonse tinakula tikuona chimanga chachikasu chikubiriwira chikalandira feteleza wobereketsa. Koma feteleza ndi mchere, ndipo mchere ukakhudza mizu yovulala m'dothi louma umakoka madzi kuchokera m'mizuyo. Feteleza wobereketsa wa AN (ammonium nitrate), amene ali ndi nayitirojeni wokwana 34.5 peresenti, akhoza kumaliza mitengo imene ikanapulumuka. Ngati pooka munaika feteleza wa Compound D wambiri kapena zitosi za nkhuku zosawolerana m'dzenje momwemo, n'kutheka kuti kuwaukako kwachokera pamenepo, ndipo chizindikiro chake ndi mphepete ndi nsonga za masamba zopserera mofanana pamtengo wonse patangopita masabata ochepa chiokereni. Pamenepo thirani madzi ambiri kamodzi kapena kawiri kuti atsuke mcherewo, malinga ngati dothi limatsitsa madzi. Feteleza adikire mpaka mutaona mphukira zatsopano.

Matenda a masamba alipo, koma zimene mwalongosola sizikufanana nawo. Odziwika kwambiri pa cherry laurel amayamba ngati timadontho tozungulira tofiirira, pakati pake n'kuthothoka kusiya timabowo, ndipo amakula masamba akamanyowa kawirikawiri, chimene ndi chifukwa china cholekera kuwaza madzi pamasamba. Samapha mtengo. Chisanu nachonso chimawaula masamba anthete, makamaka m'malo otsika a madambo monga ku Marlborough, koma chimenecho ndi cha Juni ndi Julayi, osati cha mwezi uno. Masamba akale ochepa a m'munsi akachita chikasu n'kugwa, musade nkhawa, chifukwa mtengo wobiriwira chaka chonse umasinthabe masamba ake.

Pa funso loti ipulumuka kapena ayi, palani khungwa la kanthambi pang'ono ndi chikhadabo. Mukaona zobiriwira ndi zonyowa, nthambiyo ili moyo ngakhale itakhala yopanda tsamba limodzi. Mukaona zofiirira zouma, tsikani m'munsi mpaka mutapeza pobiriwira, ndipo ngati tsinde lauma mpaka pansi, mtengowo wapita. Masamba amene awauka sadzabiriwiranso, choncho musayeze kuchira poyang'ana iwo, koma poyang'ana mphukira. Laurel amaphuka bwino ngakhale pa nthambi zakale, ndiye musafulumire kudulira tsopano, popeza masamba owaukawo akutchingirabe dzuwa nthambi zam'kati. Mudzadule zouma mvula ikakhazikika, ndipo zodulazo musazitaye pamene mbuzi, akalulu kapena ana angazifikire, chifukwa masamba ndi njere za cherry laurel zili ndi poizoni wa cyanide. Si mtengo umodzi ndi bay laurel, Laurus nobilis, amene masamba ake amaikidwa mu ndiwo.

Ndikuyembekeza kuti yambiri mwa mitengo 20 ija ibwerera, ngati mizu sinawole. Ina ikafa, musalowetse ina m'malo mwake mwezi uno. Dikirani mvula igwe mokwanira chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, pamene kuli mitambo ndipo mpweya uli ndi chinyezi, ndipo musanaoke muviike thumba lonse m'ndowa ya madzi mpaka thovu litasiya kutuluka. Mukawaonetsa eni nyumba dothi ndi mizu zimene mwakumba, mukambirane nawonso ngati laurel ndi woyenera pakhoma lotenthalo, pakuti mitengo ya Duranta kapena Viburnum, imene yadzadza m'mipanda ya muno mu Harare, imapirira dzuwa la madzulo kuposa iye, ndipo laurel akhoza kusamukira kumbali ya nyumba kumene kumafika dzuwa la m'mawa lokha.