Za IELTS ndi maphunziro a ubongo, nanenso zinandiwotcha

Achemwali, mwanditokosa pachilonda. Mwati mwalephera kawiri IELTS, mayeso a Chingerezi aja amene amafuna ukamakaphunzira kunja, komatu si umbuli ayi, ine ndinalemba katatu, ndipo chimene chinandiliza si mayesowo, ndi zomwe zinadza pambuyo pake.

Inetu za neurolinguistics, maphunziro a momwe ubongo umayendetsera chilankhulo, zinandilowa chifukwa cha bambo anga. Atadwala sitiroko mbali ya kumanja inafa, pakamwa n'kutsala mawu amodzi okha, "basi". Akafuna madzi, basi. Akafuna kundiitana, basi. Koma muwayambitsire nyimbo ya kutchalitchi, ankaimba mpaka kumapeto osaphonya. Kenako ndinawerenga za Paul Broca, dokotala wa ku France, kuti mu 1861 anali ndi wodwala yemwe ankangoti "tan", ndipo atamwalira anapeza kuti ubongo unawonongeka kumanzere chakutsogolo. Ndinati awatu ndi bambo anga enieni. Ndiye ndinafunsira masters kunja.

Sukuluyo inkafuna ndipeze 7 pa IELTS. Reading sinkandivuta. Listening ndiye eee, amakuyatsirani kamodzi kokha, mzungu akulankhula ngati wavwira mbatata yotentha, iwe wadzuka 3 koloko kukadikira minibasi pa Kamuzu Road kuti ukafike msanga ku Lilongwe. Kachitatu 7 inatheka, koma mbuzi za mayi zinathera pomwepo.

Tsono intaviyu ya pa Zoom. Kwathu magetsi kunalibe, ndinapita kwa mnzanga ku Senga Bay amene ali ndi sola, laputopu ndinaikhazika pa ndowa yovundikira, jekete pamwamba, kutentha kwa Okutobala mukukudziwa. Anali atatu. Ndinayamba bwinobwino, mpaka ndikufotokoza za bambo. Mkulu wina wa magalasi anandidula, akuti bwereza, mbali iti ya thupi inafa? Ndimati "right", pakamwa panatuluka "light". Akuti bwerezanso. Light. Kachitatu. Anatembenukira mnzake n'kumwetulira, kenako akuti nanga dzina la dokotala uja? Ndinati Bloka. Anaseka, achemwali, kuseka kwenikweni, n'kundifunsa kuti ndidzayeza bwanji odwala pamene ine ndemwe sindisiyanitsa l ndi r. Pamenepo Chingerezi chonse chinathawa. Mayankho ndinali nawo m'mutu, m'Chichewa ali mbwee, koma pakamwa pankangotuluka yes, yes. Thukuta kudontha pa kiyibodi, panja ana akuitanira usipa. Mphindi zimenezo ndinasanduka bambo anga.

Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Munthu wodzitcha katswiri wa zilankhulo osadziwa kuti m'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi, timangolemba r ikabwera pambuyo pa i kapena e? Iyeyo angasiyanitse mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika, mawu amodzimodzi kungosiyana kakwezedwe? Ndipo zoyezera zawozo. Boston Naming Test ili ndi zithunzi 60 zoti wodwala atchule mayina, muli igloo, pretzel, beaver. Kawaonetseni agogo a ku Chipoka igloo, mudzalemba kuti ali ndi aphasia, vuto losowa mawu chifukwa cha kuwonongeka kwa ubongo, pomwe ali bwinobwino, kungoti chinthucho sanachionepo chibadwire. Odwala athu amalankhula Chichewa, ena Chiyao, ndiye owayeza adzachokera kuti ngati si ifeyo? Zonsezi ndinazikonza kuti ndinene, sanandipatse mpata. Imelo yondikana inali mizere iwiri. Pamene ndimatolera mtima kuti ndiyesenso kwina, zotsatira za IELTS zinali zitatha ntchito, paja zimakhala zaka 2 basi.

Ndiye inu lembaninso, koma osagulitsa mbuzi ya munthu, dikirani mpaka ndalama ikhale yanuyanu. Kalankhulidwe kanu musakachite manyazi, ku Speaking safuna kuti mumveke ngati wa ku London, amangofuna amve zimene mukunena. Komabe l ndi r muziyeserera pagalasi m'mawa uliwonse, ine mpaka pano ndimatero, right, light, right, light, ana amandiseka. Writing yambani ndi Task 2, chimangirizo cha mawu 250 m'mphindi 40, chifukwa imalemera kawiri kuposa Task 1, ambiri timathera nthawi pa magirafu aja. Musanalipire chilichonse alembereni kaye aphunzitsi amene mukufuna adzakuyang'anireni, muone mayankhidwe awo, mufunsenso ngati amalandira kalata yoti digiri yanu munaphunzira m'Chingerezi, sukulu zina zimalola. Yang'ananinso ku Joni, Wits ndi University of Cape Town amaphunzitsa zothandiza anthu ovutika kulankhula, ndipo kumeneko zinenero zambiri si zachilendo.

Ine ndinasiya kaye, sindinama. Mabuku anga a IELTS akungodyedwa ndi chiswe, Loweruka ndimakhala pa Kamuzu Road, ndipezeni ku inbox mudzatenge.